PHUNZIRO 17: DZANJA LA YESU PA WAKHATE — CHIYEMBEKEZO M'NTHAWI YA MLIRI

Kuwerenga: Marko 1:40-45
Mau ena othandiza mphunzitsi: Levitiko 13:1-8, 45-46, Luka 17:11-19, 2 Mafumu 7:3-11, Yohane 9:1-3
Vesi loloweza pamtima: Agalatiya 6:2

CHOLINGA CHA PHUNZIRO

Ana adziwe kuti Ambuye Yesu sataya munthu chifukwa cha matenda ake; kuti pa nthawi ya mliri Mkhristu ayenera kudzisamala ndi kusamala ena, koma osaleka kukonda; ndiponso kuti aliyense wa iwo, ngakhale wamng'ono, ali nako kanthu kamene angachitire wodwala sabata ino.

MAU KWA MPHUNZITSI

Aphunzitsi okondedwa, musanatsegule Baibulo pamaso pa ana, yambani mwayang'ana nkhope zao. Pa mphasa kapena pa benchi pamenepo pali mwana amene akuleredwa ndi agogo chifukwa amai ndi atate ake anamwalira. Kapena pali wina amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku anzake osadziwa, ndipo mtima wake uli m'mwamba kuti tsiku lina adzadziwa. Pali ena amene m'chaka cha 2021 anaona maliro a mbale wao akuikidwa mofulumira, anthu ali ochepa, popanda kugona pa siwa monga mwa mwambo wathu. Kwa ana otere phunziro ili si nthano. Mau amodzi olankhulidwa mosasamala angathe kumthawitsa mwana ku Sande Sukulu osabweranso, ndipo mau amodzi abwino angathe kumtula katundu amene wakhala akusenza yekha.

Chifukwa chake musadikire Loweruka usiku kuti mukonzekere. Werengani Marko 1:40-45 kawiri kapena katatu m'kati mwa sabata. Werenganinso mbiri ya ku Magomero imene talemba m'munsimu kufikira mutaidziwa bwino, kuti pofotokozera ana musaweramire pa buku. Zonse zimene zalembedwa pano si zoti muwauze ana. Zambiri nzoti inu eni mudziwe, kuti mwana akafunsa funso lovuta musasowe poyambira.

KUMASULIRA MAU A MULUNGU

1. Khate ndi lamulo la Mose. Mau akuti khate m'Baibulo sanena nthenda imodzi yokha imene tiidziwa ife lero, koma nthenda zosiyanasiyana za pakhungu. Pa Levitiko 13 tiwerenga kuti munthu akatuluka chotupa kapena banga lokayikitsa, anali kupita naye kwa wansembe. Wansembe akakayika, anali kumbindikiritsa masiku 7 ndi kumuonanso. Ngati sanatsimikizebe, anali kuonjeza masiku ena 7. Onse pamodzi ndi masiku 14, monga momwe anthu anali kubindikirira pa chiyambi cha Covid-19. Akapezeka kuti ndi khate ndithu, munthuyo anali kuvala zong'ambika, kuphimba mlomo wake wam'mwamba, kufuula pochenjeza anthu kuti asamuyandikire, ndi kukhala payekha kunja kwa mudzi.

Lamulo limeneli linali loteteza anthu, ndipo sitiyenera kulinyoza pamaso pa ana. Koma taganizani za munthu mwiniyo. Sadya ndi ana ake, salowa m'nyumba yopemphereramo, sapatsidwa moni wa m'manja. Nthenda inali kudya thupi lake, koma kusungulumwa kunali kudya mtima.

2. Pempho la wakhate. Munthu uyu anagwada pamaso pa Yesu. Onani bwino vesi 40: iye sanakayike za mphamvu ya Yesu, chimene anakayika ndicho ngati Yesu afuna. Anthu ambiri anali atamthawa kale, kotero kuti sanadziwe ngati alipo wina womfunabe. Odwala ambiri m'midzi mwathu ali ndi funso lomweli. Akudziwa kuti mpingo ungathe kuwayendera, koma sadziwa ngati ukufuna.

3. Yesu anamkhudza. Ambuye anagwidwa chifundo, natambasula dzanja lake, namkhudza, ndipo pamenepo khate linamchoka. Akadatha kumchiritsa ndi mau okha. Koma munthu amene kwa nthawi yaitali sanamve dzanja la mnzake pa thupi lake anasowa zinthu ziwiri: kuchira ndi kulandiridwa. Yesu anampatsa zonse ziwiri, ndipo kulandiridwa ndiko kunayamba.

4. Yesu anamtuma kwa wansembe. Ici ambiri amachilumpha pophunzitsa. Wansembe ndiye anali woyesa nthendayi, monga achitira a chipatala masiku ano, ndipo popanda umboni wake munthu sakadaloledwa kubwerera kwao. Yesu sanati, popeza ndakuchiritsa ndine, lamulo liribenso ntchito. Anamlamula kuti akaonedwe.

5. Anasinthana malo. Vesi 45 litiuza kuti munthu uja analalikira ponseponse za kuchira kwake, kotero kuti Yesu sanathenso kulowa poyera m'mudzi, koma anakhala kunja m'malo a chipululu. Wakhate analowa m'mudzi, Yesu natsala kunja. Apa tiona chithunzi cha mtanda, pamene Ambuye anatenga malo athu. Tionanso kuti kuthandiza wodwala kuli ndi mtengo wake.

ZIMENE ZINACHITIKA KU MAGOMERO

Magomero ali m'boma la Chiradzulu, pafupi ndi mtsinje wa Namadzi. Ambiri amawadziwa chifukwa cha thangata wa pa esiteti ya Bruce ndi nkhondo ya John Chilembwe ya mu Januwale 1915. Koma zaka zoposa 50 izi zisanachitike, pamalo pomwepa panakhala mishoni yoyamba ya Chikhristu m'dziko lathu lino.

M'mwezi wa Julaye 1861, Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican ndi anzake anakwera kuchokera ku Shire motsogozedwa ndi David Livingstone. Atafika pa mudzi wa Mbame anakomana ndi ulendo wa akapolo, namasula anthu 84, ambiri a iwo amai ndi ana. Anthu amenewa analibe kopita, pakuti midzi yao inali itapasuka. Tsono anatsata amishoniwo mpaka ku Magomero, kumene mfumu Chigunda ya Amang'anja inawapatsa malo pa chigono cha mtsinje. Pambuyo pake anthu ena omasulidwa anaonjezekera, ndipo malowo anachepa.

Sitibisa kuti amishoni aja analakwitsa zina. Analowerera nkhondo ya pakati pa Amang'anja ndi Ayao ndi mfuti m'manja, ndipo malo amene anamangapo anali otsika, osayenera khamu la anthu. Dzinja litafika chakudya chinasowa, madzi anaipa, ndipo nthenda ya kamwazi inalowa pakati pao. Anthu ambiri anafa, makamaka ana amene anali ofooka kale ndi njala. Amishoni eni ake anadwala malungo ndi kamwazi yemweyo, koma anapitiriza kugawa chakudya chochepa chimene chinalipo, kudwazika odwala ndi kuika maliro.

Mu Januwale 1862 Bishopu Mackenzie anapita ku mathiriro a mtsinje wa Ruo kukachingamira mlongo wake. Pa njira bwato linagubuduka ndipo mankhwala a malungo anatayika m'madzi. Iye anamwalira pa 31 Januwale 1862. Mnzake wa paulendo, Henry Burrup, anamnyamula kubwerera naye ku Magomero ali wodwala kwambiri, ndipo anamwalira komweko mu Febuluwale. Mu Epulo otsalawo anasamuka kupita kwa Chibisa ku Shire. Mishoni ya ku Magomero sinathe ngakhale chaka chimodzi.

Munthu woona ndi maso okha akadati zonse zapita pachabe: manda ambiri, ntchito palibe. Koma taonani zimene Mulungu anachita ndi ana amene anapulumuka. Kamtsikana kena dzina lake Daoma, kamene Bishopu anakanyamula pa phewa pake pobwera nako ku Magomero, kanakula ndi kukhala mlezi ndi mphunzitsi wa ana amasiye ku Cape Town. Mnyamata wina, Chuma, anadzakhala mnzake wa paulendo wa Livingstone, ndipo Livingstone atamwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873, iye pamodzi ndi Susi anatsogolera ulendo wonyamula mtembo wake mpaka ku nyanja ya mchere. Winanso, Tom Bokwito, anakaphunzira ku Lovedale, ndipo ndiye anatsagana ndi Henry Henderson monga womasulira pofunafuna malo a mishoni ya Blantyre, imene inayamba pa 23 Okutobala 1876. Ife a Sinodi ya Blantyre tiri ndi mangawa kwa mwana amene wina anamsamala pa nthawi ya nkhondo, njala ndi matenda. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene anadyetsa ana aja phala sanadziwe chimene anawo adzakhala.

MILIRI INA IMENE TAPYOLAMO

Kumapeto kwa chaka cha 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha, chimfine choopsa chinafika m'dziko muno. Chinafala msanga pamene asilikali ndi amtengatenga anali kubwerera kwao, ndipo pa dziko lonse chinapha anthu mamiliyoni ambiri. Nthomba nayo inazunza makolo athu kwa zaka zosawerengeka. Koma chifukwa cha katemera inatha, ndipo m'chaka cha 1980 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza kuti nthomba kulibenso. Funsani agogo a mumpingo mwanu akuonetseni chipsera cha katemerayo pa mkono. Khate lenileni, limene kale linali kusonkhanitsa anthu ku midzi yaoyao monga ku Utale ndi ku Malamulo, lero limachizika ndi mankhwala, ndipo wodwala amalandira mankhwalawo akukhala pakhomo pake.

Edzi inapezeka koyamba m'Malaŵi m'chaka cha 1985. M'zaka zotsatira maliro anachuluka kotero kuti adzukulu analibe tsiku lopuma, ndipo boma la Chiradzulu linali limodzi la maboma okhudzidwa kwambiri. Choŵaŵa choposa chinali kusalidwa. Odwala ena anali kupatsidwa mbale yaoyao ndi chikho chaochao; ena anali kubisidwa kuchipinda alendo akabwera. Ndipo tiyenera kuvomera ndi manyazi kuti nthawi zina mau olasa anachokera pa gome la mlaliki. Komabe m'zaka zomwezo amai a Mvano ndi magulu osamalira odwala m'midzi anali kuyenda khomo ndi khomo, kusambitsa odwala, kuwaphikira phala ndi kuchapa zofunda zao, pamene mankhwala kunalibe. Kenaka m'chaka cha 2001 bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere m'boma la Chiradzulu lomweli, ndipo m'chaka cha 2004 boma la Malaŵi linayamba kuwapereka kwaulere m'dziko lonse. Anthu amene abale anali atawalira kale anadzuka nagwiranso khasu. Ena a iwo anaima poyera ndi kulimbikitsa anzao kuti akayezetse magazi. Amenewa atikumbutsa akhate anai a pa chipata cha Samariya, pa 2 Mafumu 7, amene ngakhale anali otayidwa kunja ndiwo anabweretsa uthenga wa chipulumutso ku mzinda wa njala.

Covid-19 ana okulirapo akuikumbuka. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndipo odwala oyamba m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo. Chiwerengero cha osonkhana m'tchalitchi ndi pa maliro chinachepetsedwa, moni wa m'manja unaletsedwa, ndipo tinapemphera titaphimba pakamwa ndi pamphuno. Mu Januwale 2021 mliri unakula. Nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale. M'zipatala mpweya wothandiza kupuma unasowa. Pamenepo anthu wamba, motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani, anasonkha ndalama, wina zambiri wina zochepa, zogulira zipangizo za mpweya. Katemera anafika mu Malichi 2021. Tisanapume bwino, kolera inabuka ku Machinga mu Malichi 2022, nifalikira m'dziko lonse, ndipo inapha anthu oposa 1,700.

Pa zonsezi tiphunzirapo ziwiri. Choyamba, mliri uli ndi malire ake: nthomba inatha, chimfine cha 1918 chinapita, ndipo munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV lero angathe kukalamba. Chachiwiri, thandizo lisanafike, chimene chinasunga anthu ndicho anthu anzao amene sanawathawe.

FUNSO LOVUTA: TIKHUDZE KAPENA TITALIKIRE?

Konzekerani funso ili, pakuti mwana wochenjera adzalifunsa: Ngati Yesu anakhudza wakhate, bwanji ife anatiletsa kugwirana chanza? Kodi kumeneko sikunali kuchepa chikhulupiriro?

Muyankhe potsegula Luka 17:11-19. Pamenepo akhate khumi anaima patali, ndipo Yesu anawachiritsa osawakhudza; nawonso anawatuma kwa ansembe. Tsono chachikulu si dzanja lokha ai, koma chifundo chimene chinatambasula dzanjalo. Chifundo chimafunsa kuti, kodi munthu uyu chimthandize nchiyani? Yankho lisiyana malinga ndi nthenda.

Kachirombo ka HIV sikafala pogwirana chanza, podyera mbale imodzi, posewera pamodzi kapena pokhala pa benchi limodzi. Kumsala munthu wotere ndi nkhanza zopanda chifukwa. Pamenepa chikondi ndicho kuyandikira.

Covid-19 ndi chifuwa chachikulu zimayenda mu mpweya pamene wodwala atsokomola, ayetsemula kapena alankhula. Pamenepa chikondi ndicho kuphimba pakamwa, kutsegula mazenera, kucheza panja m'malo mwa m'nyumba, ndi kuteteza okalamba. Mungathe kukhala pabwalo ndi kulankhula ndi wodwala ali pakhonde. Mungathe kumtungira madzi, kumtolera nkhuni, kumuimbira foni.

Kolera ndi kamwazi zimalowa ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi. Pamenepa chikondi ndicho kusamba m'manja ndi sopo, kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo mankhwala, kumpatsa wodwala madzi a mchere ndi shuga, ndi kuthamangira naye ku chipatala osachedwa.

Akhristu akale anadziwa kugwirizanitsa ziwirizi. Cha m'ma 250, mliri utagwa mu mzinda wa Carthage kumpoto kwa Afrika, Bishopu Cyprian analimbikitsa Akhristu kusamala odwala, ngakhale iwo amene sanali a mpingo. M'chaka cha 1527 mliri utafika ku Wittenberg, Martin Luther anakana kuthawa, ndipo analandira odwala m'nyumba mwake. Koma yemweyo analangiza anthu kumwa mankhwala, kuyeretsa nyumba zao ndi kupewa kusonkhana kosafunikira, kuti angapatsire ena nthenda. Pali maenje awiri amene tiyenera kuwalambalala. Loyamba ndi mantha otayitsa mbale. Lachiwiri ndi kudzikuza koyesa Mulungu, monga kukana katemera kapena kuleka ma ARV chifukwa wina wanena kuti wakupempherera ndipo wachira. Kumbukirani kuti Yesu mwini anatuma wochiritsidwa kuti akaonedwe. Pemphero ndi chipatala sizilimbana.

KAPHUNZITSIDWE KAKE

1. Poyamba. Mutatha nyimbo ndi pemphero, funsani ana: Ndani anadwalapo nagona m'nyumba anzake akusewera panja? Munamva bwanji? Ndani anabwera kudzakuonani? Lolani atatu kapena anai ayankhe. Musawafunse dzina la nthenda.

2. Nkhani ya m'Baibulo. Kwa ana ang'ono fotokozani ndi mau anuanu, mwachidule. Ana okulirapo awerenge okha vesi limodzilimodzi. Pofika pa vesi 41 imani pang'ono, ndi kufunsa: Kodi anthu amene anali kuonerera anaganiza chiyani?

3. Sewero. Lembani mzere pansi ndi kamtengo. Mkati mwa mzere ndi mudzi. Inu mwini mphunzitsi mukhale wakhate, muime kunja kwa mzere. Musasankhe mwana pa mbali imeneyi, pakuti anzake angamampatse dzinalo mpaka ku sukulu. Mwana mmodzi atuluke mu mzere, akugwireni dzanja, akulowetseni. Pambuyo pake afunseni anawo kuti ndani m'mudzi mwao amene ali kunja kwa mzere lero. Aganize mumtima, asatchule maina.

4. Nkhani ya ku Magomero. Kwa ana ang'ono nenani za Daoma yekha, mwana wotopa amene ananyamulidwa pa phewa, nadzalera ana ena atakula. Kwa okulirapo onjezani za Chuma ndi Tom Bokwito. Ngati mpingo wanu uli pafupi ndi Namadzi, pemphani akulu a mpingo akonze tsiku loti ana akaone malowo.

5. Vesi loloweza. Tsegulani pa Agalatiya 6:2, muwerenge pamodzi katatu. Bweretsani mtolo wa nkhuni kapena ndowa ya madzi. Mwana mmodzi ayese kunyamula yekha, kenaka awiri athandizane. Mutu umodzi susenza denga.

ZOYENERA KUCHENJERA NAZO

Musaphunzitse kuti matenda ali onse ndi chilango cha tchimo la wodwalayo. Pa Yohane 9:1-3 ophunzira anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, ndipo Ambuye anakana maganizo amenewo. Mwana wobadwa ndi kachirombo sanachimwire munthu.

Musatchule mwana kapena banja lake monga chitsanzo, ngakhale mudzi wonse ukudziwa. Mwana akakuuzani za matenda ake kapena a kwao, sungani chinsinsi. Ngati pafunika thandizo, kambiranani ndi kholo lake poyamba musanapite kwa abusa kapena kwa mkulu wa mlaga.

Musalonjeze ana kuti aliyense amene tampempherera adzachira. Bishopu Mackenzie anali munthu wopemphera, koma anamwalira ndi malungo. Mwana amene anapempherera amai ake koma namwalirabe angaganize kuti pemphero lake ndilo linali loperewera. Muuzeni kuti Mulungu anamva, kuti Yesu mwini analira pa manda a Lazaro, ndi kuti chiyembekezo chathu chifika kutsidya kwa manda chifukwa Iye anauka kwa akufa.

Mwana akayamba kulira m'kati mwa phunziro, musamkalipire ndipo musamfunse mafunso pagulu. Mukhale naye pafupi, ndipo mukamuyendere kwao m'kati mwa sabata.

Ana akafunsa za mankhwala zimene simuzidziwa bwino, musapeke yankho. Itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino wa mumpingo adzalankhule nao Sabata lina.

MAFUNSO

Kwa ana ang'ono:
1. Kodi wakhate anali kukhala kuti? Chifukwa ninji?
2. Yesu anachita chiyani ndi dzanja lake?
3. Ndani ananyamula Daoma pamene anatopa?

Kwa ana okulirapo:
1. Kodi wakhate anakayika za chiyani pamene anadza kwa Yesu?
2. Chifukwa ninji Yesu anamtuma kwa wansembe? Ici chitiphunzitsa chiyani za chipatala?
3. Tchulani njira zitatu zothandizira munthu wodwala nthenda yopatsirana popanda kudziika pa ngozi.
4. Mishoni ya ku Magomero inatha chaka chisanakwane. Kodi ntchito yake inapita pachabe? Fotokozani.
5. Mnzanu wa m'kalasi akusekedwa chifukwa amamwa mankhwala tsiku lililonse. Inu mudzachita chiyani?

NTCHITO YA SABATA INO

Mwana aliyense, atapempha chilolezo kwa makolo ake, achitire kanthu kamodzi munthu wodwala kapena wokalamba wa pafupi ndi kwao: kutunga madzi, kusesa pabwalo, kutola nkhuni, kapena kumwerengera Salmo 121. Sabata lamawa muwafunse mmene anayendera, koma osatchula maina a odwalawo.

Kalasi lonse limange mpondagiya pafupi ndi chimbudzi cha pa tchalitchi. Pafunika mitengo iwiri ya mphanda, mtanda umodzi, kachigubu koboola, chingwe, kamtengo kopondapo, ndi sopo kapena phulusa. Sankhani ana awiri Sabata lililonse oti azithiramo madzi.

Inunso aphunzitsi muli ndi ntchito yanu. Tsegulani kaundula wa kalasi lanu, muone mwana amene wajomba masabata atatu otsatizana. Musadikire kuti abwere yekha. Pitani kwao sabata ino mukamve chimene chamgwera. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha Mwana wanu Yesu Khristu, amene sananyansidwe ndi wakhate koma anamkhudza. Tikuyamikani kuti munasunga makolo athu m'masiku a nthomba, a chimfine ndi a njala, ndipo mwatisunga ifenso. Mutikhululukire pamene tinathawa odwala kapena kuwanena. Kumbukirani onse amene agona pa mphasa lero, ana amasiye, agogo amene akuwalera, madokotala, anamwino ndi onse odwazika matenda. Mutipatse nzeru yakudzisamala ndi mtima wosataya mnzathu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.